Ophika nsomba m'dziko la fodya

Boma la Kasungu lilibe gombe. Kuchokera pa tawuni ya Kasungu kukafika kunyanja ku Nkhotakota pali mtunda wopitirira makilomita 100, ndipo pakatipa pali minda ya fodya ndi chimanga, zigafa, kenako nkhalango. Komabe nthawi ya nkhomaliro ikakwana, fungo lotuluka m'tinyumba todyeramo ta kuseri kwa msika ndi kudepoti limakhala la nsomba: usipa wokazinga, utaka wa msuzi wa matimati, mlamba wowamba, ndiponso chambo kwa amene m'thumba mwake muli bwino. Pa Chinkhoma, pa Santhe, pa Mtunthama ndi pa Nkhamenya ndi chimodzimodzi. Pali anthu ambiri, makamaka amayi, amene ana awo amadya ndi kuphunzira chifukwa cha mbale ya nsima ya nsombayi.

Woyamba pa mndandanda wa anthuwa ndi wa geni ya nsomba. Iye amagona kudoko, kaya ku Chia, ku Ngala kapena kwina m'mbali mwa Nkhotakota, kudikira mabwato ndi maboti amene anakagwera usiku ndi chilimira ndi nyali. M'bandakucha amalimbirana ndi anzake, kugula usipa pa chigoba kapena pa ndowa. Akagula amayanika pa thandala, amafutsa m'madzi otentha amchere asanayanike, kapena amakazingiratu m'chiwaya. Mlamba ndi kampango amawamba pa moto wa nkhuni. Katundu akakwana amamanga m'matumba ndi m'madengu n'kukwera naye galimoto za msewu wa M18, womwe umadutsa m'nkhalango yosungirako nyama ya Nkhotakota, n'kudzera pa Malomo ndi pa Mtunthama. Nsomba zina zimachokera ku Salima ndi ku Mangochi, kudzera ku Lilongwe pa msewu wa M1. Zaziwisi ndiye zimafuna liwiro: zimabwera m'mabokosi a ayezi, ndipo aliyense woyenda misewu imeneyi anaonapo chambo chitamangiriridwa kutsogolo kwa minibasi kuti chizipitidwa mphepo.

Mayi wa malo odyera amakumana ndi wa geniyo pa msika dzuwa lisanakwere. Apa pamafunika diso ndi mphuno. Chambo chabwino amachidziwa potsegula makha, kuona ngati ali ofiira, ndi kudina mnofu ndi chala. Usipa amaufumbata m'manja kuti amve ngati unauma bwino, ndiponso amalawako kamodzi kuti adziwe ngati uli ndi mchenga kapena ukuwawa. Wolakwitsa pogula walakwitsa tsiku lonse, chifukwa kasitomala amene wakukuta mchenga lero, mawa amalowa khomo loyandikana nalo.

Malo enieniwo sakhala aakulu. Ena ndi kachipinda ka lendi kokhala ndi mabenchi awiri ndi tebulo loyala pulasitiki, ena ndi chisakasa chabe, aja amati chiimilire. Koma ntchito imagawidwa bwino lomwe. Mwini wake amagwira ndalama ndi kugawa ndiwo, pakuti phindu lonse lagona pa kagawidwe: usipa wa pa mbale ukachuluka pang'ono, madzulo ndalama sikwana yogulira wina. Pali wophika nsima, amene amavundula mphika waukulu kangapo pa tsiku, wina wa ufa woyera, wina wa mgaiwa, n'kumaomola mitanda yofanana ndi chipande. Pali mtsikana wotsuka mbale ndi kusadzula masamba, mpiru kapena nkhwani. Pali mnyamata wotunga madzi ndi kusenza makala, yemwenso amaima pakhomo ndi jagi ndi beseni n'kumaitanira odutsa: "Lowani achimwene, nsima yamoto!" Wolowayo safunsa za pepala la mitengo. Amangoti, "Mayi, lero kuli ndiwo zanji?"

Kaphikidwe kake sikaphunziridwa kusukulu. Ophika a m'mahotela ndi m'malo ogona alendo ena anadzera ku Malawi Institute of Tourism, koma wa kumsika anayamba ndi kutsuka mbale za wina. Anaphunzira poonerera kuti usipa wouma amauchotsa mitu ndi kuuviika m'madzi ofunda usanaone mafuta, kuti mlamba wowamba umafuna moto wapang'onopang'ono kuti ufewe osaphwanyika, ndi kuti chambo akachipala mamba ndi kuchitumbula amachicheka m'mbali kuti mchere ulowe. Chikakhala chachikulu amachidula pawiri, ndipo odziwa kudya nsomba amalimbirana kumutu. Anthu a kunyanja amene anabwera kudzagwira ntchito ku Kasungu amafunsanso kondowole, ndipo mayi wochenjera amasungako ufa wa chinangwa pang'ono chifukwa cha iwowa. Tsabola wa kambuzi sasowa patebulo.

Chambo chija n'chimene chimatchuka, koma chimene chimayendetsa bizinesi ndi usipa. Kuyambira m'zaka za m'ma 1990 chambo chakhala chikuchepa m'nyanja chifukwa cha kuchuluka kwa asodzi, maukonde a maso ang'onoang'ono ndi kuwonongeka kwa malo oswanirana. Lero usipa ndiwo umaposa theka la nsomba zonse zogwidwa m'dziko muno. Chambo china chimene chili pa msika ndi choweta, monga cha kampani ya Maldeco ku Mangochi, ndipo alimi ena a ku Kasungu komweko ali ndi maiwe a makumba ndi chilunguni. Mlendo wosazindikira amadya makumba n'kumapita akuyamikira chambo.

Chovuta chachikulu pa ntchitoyi n'chakuti nyengo ya ndalama ndi nyengo ya nsomba sizigwirizana. Ndalama ku Kasungu zimabwera ndi fodya. Msika wa Chinkhoma, womwe ndi umodzi mwa misika ikuluikulu ya fodya pamodzi ndi wa Kanengo, wa Limbe ndi wa Mzuzu, umatsegulidwa cha mu Epulo n'kuyenda miyezi ingapo. Nthawi imeneyo malole a mabelo amandandalika, ndipo madalaivala, onyamula katundu, mavenda ndi alimi odikira kuti fodya wawo alowe mu okushoni, onse amafuna kudya. Mlimi amene wangotapa ndalama kubanki safunsa mtengo wa chambo. Koma miyezi yomweyi, kuyambira Meyi mpaka Ogasiti, ndi imene mwera umawomba panyanja. Mafunde akakula asodzi amakhala pamtunda masiku angapo, nsomba zimasowa, mtengo umakwera. Ngakhale nyanja itadekha, mwezi ukakhala wowala usipa subwera ku nyali. Motero mayi wa pa Chinkhoma amayang'ana kumwamba usiku ngati msodzi, chonsecho mwina nyanjayo sanaiponde n'komwe.

Dzinja likafika zinthu zimatembenuka. Kuyambira pa 1 Novembala boma limaletsa makoka ena panyanja kuti chambo chiswane. Mvula imalepheretsa kuyanika, ndipo usipa wambiri umaonongekera pa thandala. Kumtunda kuno ndalama za fodya zimakhala zitathera ku feteleza ndi ku fizi, anthu ali kumunda, m'matumba mulibe kanthu. Apa m'pamene limatuluka kope la ngongole. Wa kabaza, mlonda, kalaliki wa pa sitolo, onse amadya n'kulembetsa kuti adzalipira pakutha pa mwezi, ndipo mlimi amalonjeza kuti adzabweza fodya akadzagulitsidwa. Kudya lero n'kudzalipira pokolola si zachilendo kuno. Kwa zaka zambiri matenanti a m'maesiteti ankalandira chimanga kwa bwana pa ngongole yodzadulidwa pogulitsa fodya, mpaka lamulo la ntchito litasinthidwa mu 2021 kuthetsa dongosololi. Mayi wophika amadziwa kuti fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ndi wa mphepo, koma akakana kukongoza, kasitomalayo sadzamuonanso nthawi ya zokolola. Ena amabweza mokhulupirika. Ena amasintha njira, n'kumadzera kuseri kwa msika.

Pamwamba pa izi pali mitengo ya zinthu. Ndalama ya kwacha inagwetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenako ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo mafuta ophikira, thiransipoti ndi mchere zinakwera motsatira. Makala nawo akudula pamene nkhalango zikutha, ndipo ku Kasungu mitengo yambiri inathera m'mabani ndi m'zigafa za fodya. Wophika sangakweze mtengo wa mbale mwezi uliwonse, choncho amachepetsa mafuta, amachepetsa ndiwo, kapena amasiya chambo n'kutsalira pa usipa ndi nyemba. Tsiku lililonse amadula tikiti ya khonsolo, kaya wagulitsa kaya ayi. Mliri wa kolera wa mu 2022 ndi 2023, umene unapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, unachititsa makhonsolo ambiri kuletsa malonda a zakudya zophikaphika, ndipo amene analibe mpopi ndi chimbudzi pafupi anayamba ndiwo kutsekedwa. Mpamba ukatha, kothawira ndi ku banki m'khonde. Amene alibe gulu amagwa m'manja mwa a katapila.

Antchito a m'malo amenewa ndiwo ali pansi penipeni. Ambiri alibe kalata ya ntchito. Amalandira pa tsiku kapena pa mwezi malinga ndi mmene anapanganirana pakamwa, ndipo chakudya chimene amadya pamalopo chimawerengedwa ngati mbali ya malipiro. Amayamba kusanache, kuweruka kutada. Utsi umawalowa m'maso ndi m'chifuwa, ndipo m'manja mwawo muli zipsera za mafuta otentha ndi minga ya mlamba. Malonda akatsika m'dzinja, woyamba kuuzidwa kuti abapumulako ndi mtsikana wotsuka mbale uja. Komabe ambiri mwa eni malo a lero anadzera njira yomweyi: anasunga pang'onopang'ono, anagula mphika, mbaula ndi mbale khumi, n'kukayamba pawo pa msika wina.

Fodya amawerengedwa m'makilogalamu ndi m'madola, ndipo chaka chilichonse nyuzipepala zimalengeza zimene dziko lapeza. Mbale za nsima zimene zimadyetsa anthu onyamula mabelowo palibe amaziwerenga. Zimene ophikawa amadandaula n'zodziwika: madzi a mpopi pa msika, magetsi odalirika kuti nsomba yotsala igone mufiriji, ndi ngongole ya chiwongoladzanja chochepa yowaolotsa miyezi ya njala. Pakati pawo, katswiri samuyesera mu Juni, pamene aliyense wokhala ndi mphika amagulitsa. Amamuyesera mu Febuluwale: amene wafika mwezi umenewo asanatseke, antchito ake akulandirabe ndipo wa geni wa ku Nkhotakota akumukhulupirirabe ndi katundu wa pangongole, ameneyo ndiye amati ntchito amaidziwa.