Dzuwa silitumiza bilu

Namondwe wa Ana ataononga damu la Kapichira mu January 2022, dziko lino lidataya pafupifupi mamegawati 130 ndipo magetsi adathimathima kwa nthawi yopitirira chaka. Nthawi ngati imeneyi, mwini ofesi kapena sitolo yamdima pa Chinakanaka m'boma la Mulanje amayatsa nyali dzuwa likuswa mtengo.

Chonsecho kuwala kwa dzuwa n'kwaulere. Maofesi ena amakono amakhala ndi madenga a galasi, koma kuno galasi lokhalokha lingasandutse chipinda kukhala uvuni mu October.

Njira yotsika mtengo ndiyo kuika malata oonekera awiri kapena atatu pakati pa malata wamba, n'kupaka laimu m'makoma. Mazenera aakulu aloze kumpoto kapena kummwera chifukwa dzuwa lakumadzulo limaotcha.

Poti mvula ya ku Mulanje sinyengerera, mmisiri amate bwino polumikizira malatawo kuopa kudontha.