Kuweta Chotupitsa Buledi Panyumba

Lero tikambirane za chotupitsa buledi chimene sichigulidwa m'sitolo, chimene Angerezi amachitcha sourdough, kutanthauza mtanda wosasa.

Mayi wodziwa kuphika thobwa sangadabwe nacho chinthu chimenechi. Phala lothira chimera likagona, limasasa ndi kuchita thovu chifukwa cha tizilombo tosaoneka ndi maso. Mu ufa wa tirigu mulinso tizilombo totero ta mitundu iwiri: yisiti wachilengedwe, amene amadya shuga wa mu ufamo natulutsa mpweya wotupitsa mtanda, ndi mabakiteriya amene amatulutsa asidi wopatsa buledi kukoma kowawasa. Aigupto akale ankaphika motere osadziwa chimene chinkachitika mu mtandamo. Louis Pasteur wa ku France ndiye anasonyeza m'chaka cha 1857 kuti kusasa kotere ndi ntchito ya zamoyo.

Tsono popeza ndi chamoyo, chotupitsachi chimawetedwa monga momwe tiwetera nkhuku. Tengani botolo loyera la kukamwa kwakukulu, muikemo ufa wa tirigu magalamu 50 ndi madzi mamililita 50, mutakase, ndi kuvundikira mosathinitsa. Ufa wosachotsa madeya umafulumira, pakuti tizilombo tambiri timakhala pa khungu la njere. Tsiku lililonse tayani theka, ndipo chotsalacho muchidyetse ufa ndi madzi muyeso womwe uja.

Apa mumvetsetse, omvera, chifukwa ambiri amagwa ulesi pomwepa. Pa tsiku lachiwiri kapena lachitatu botolo limadzaza thovu ndi kutulutsa fungo loipa, kenaka limangoti zii ngati zonse zafa. Musataye ayi. Thovu loyambalo ndi la mabakiteriya ena amene satha kupirira asidi akachuluka. Iwo akamatha, m'pamene yisiti amayamba kuswana pang'onopang'ono. Pitirizani kudyetsa. Pakapita sabata imodzi kapena awiri, fungo limasanduka lokoma ngati la chambiko, ndipo mtanda umakwera kufika kawiri msinkhu wake patapita maola 4 mpaka 8 chiudyetsereni. Mangani kachingwe pa botolo pamene pakulekezera mtanda kuti muziona kukwera kwake.

Nyengo ndiyo imalamula kwambiri kuposa wotchi. Botolo la ku Nsanje m'mwezi wa Okutobala limafuna kudya kawiri pa tsiku, pamene la ku Dedza m'mwezi wa Juni limachita ulesi, ndipo liyenera kuikidwa pafupi ndi malo ofunda. Mukaona timadzi totuwa pamwamba, imeneyo ndi njala chabe: tsanulani timadzito ndi kudyetsa. Koma likachita chuku, kapena kuoneka mawanga ofiirira, tayani zonse muyambirenso. Amene ali ndi firiji akhoza kusungamo botolo namadyetsa kamodzi pa sabata.

Pofuna kuphika, sakanizani ufa wa tirigu magalamu 500, madzi mamililita 350, chotupitsa chokwera bwino magalamu 100 ndi mchere magalamu 10. Osaiwala kusiya kambewu m'botolo ndi kukadyetsa. Ufa wa chimanga pawokha sungathandize, chifukwa ulibe ulimbo uja wa mu tirigu wotchedwa gluteni, umene umagwira mpweya kuti usathawe. M'malo mokanda mwamphamvu, nyowetsani manja, mukoke mtanda ndi kuupinda, kanayi motalikitsa theka la ola. Kenaka uvundikireni mpaka utawonjezeka ndi theka ndi kuoneka timatuza. Zimatenga maola 4 kukatentha, kapena 8 ngakhale kupitirira kukazizira. Uumbeni ngati mpira, upumenso ola limodzi kapena awiri, ndipo muutemere pamwamba ndi mpeni wakuthwa kuti usang'ambike mwachisawawa.

Buledi ameneyu amafuna moto waukali, madigiri 230, ndi nthunzi poyamba. Mphika wachitsulo wokhala ndi chivundikiro ndiwo wabwino koposa: utenthetseni kaye, muikemo mtanda, muvundikire kwa mphindi 20, kenaka muvundukule kwa mphindi zina 20 kufikira atapsa mofiirira. Wopanda uvuni aike makala pansi ndi pamwamba pa chivundikiro monga achitira pophika chigumu, koma makala a pansi achepe. Buledi wopsa amalira ngati ng'oma mukamugogoda kunsi. Mlekeni azizire ola lathunthu musanadule, pakuti m'kati mwake mumakhala mukupsabe.