Madalaivala Onyamula Alendo M'nkhalango ya Kasungu

Msewu wochoka pa boma la Kasungu kuloza kumadzulo umadutsa m'minda ya fodya ndi zigafa mpaka kukafika pa geti la Lisitu. Pamenepo minda imatha, thengo n'kuyamba. Kuseri kwa getilo kuli nkhalango yoposa masikweya kilomita 2,300, yachiwiri kukula m'dziko muno pambuyo pa Nyika, yomwe inakhala paki m'chaka cha 1970. Dalaivala amene wanyamula alendo akangolowa m'menemo, ntchito yake imasintha ngakhale chiwongolero chili chomwecho.

Mabasi akuluakulu okopa alendo safika kuno kawirikawiri. Zimene zimabwera ndi galimoto zamphamvu za makampani a ku Lilongwe, komanso makosita ndi maminibasi a hayala onyamula ana asukulu, a kwaya kapena amayi a mpingo. Ndiye kuti ambiri mwa oyendetsawo ndi anthu amene masiku onse amathamanga pa M1, kapena amene nyengo ya msika amatuta mabelo kupita nawo ku okushoni ya Chinkhoma. Ntchito imeneyo inawaphunzitsa kuthamangira tageti ya bwana, kuliza hutala kuti njira itseguke, ndi kupitirira mnzawo mpata ukangopezeka. Zonsezi m'paki n'zoletsedwa. M'mapaki athu liwiro silifunika kupitirira makilomita 40 pa ola, hutala salira, galimoto siichoka mumsewu kutsata nyama m'tchire, munthu satsika paliponse pomwe wafuna, ndipo dzuwa likalowa palibenso kuyendayenda.

Lamulo lovuta kusunga ndi loti nyama isayandikiridwe, chifukwa amene amafuna kuti liswedwe ndi omwe alipira hayala. Njovu zikaonekera pafupi ndi damu la Lifupa, basi yonse imayamba kufuula: "Adalaivala, sunthani pang'ono tijambule!" Apa m'pamene pamaonekera amene ntchitoyi amaidziwa. Amaima patali, amayang'ana ngati pali kamwana, amaonetsetsa kuti sanadule gulu pakati ndiponso kuti kumbuyo kwake kuli njira yobwerera. Njovu ikatambasula makutu n'kumapukusa mutu, iye sadikira kuti wina amuuze. Kukaniza mphunzitsi wamkulu kapena abusa amene akhala pampando wakutsogolo si chinthu chapafupi kwa munthu woleredwa mwaulemu, komatu miyoyo ya anthu onsewo ili m'manja mwake, ndipo kosita yodzaza siitembenuka msanga pa kamsewu kafumbi.

Nkhaniyi yakula chifukwa njovu zachuluka. M'zaka za m'ma 1970 zinalipo pafupifupi 1,200, koma opha nyama mozembera anazimaliza mpaka mu 2015 zinatsala zosakwana 50. Mu 2022 nthambi ya boma yoona za nyama zakutchire, mothandizana ndi mabungwe a IFAW ndi African Parks, inasamutsa njovu 263 kuchokera ku Liwonde, pamodzi ndi njati, nswala, mphalapala ndi njiri. Kuchokera pamenepo midzi ya m'mphepete mwa paki, kuno ndi ku Zambia komwe, yalira mbewu ndipo ina yaika maliro. Ana ambiri amene amakwera minibasi ya hayala amachokera m'midzi ngati imeneyo, ndipo njovu amaidziwa ngati chilombo chogumula nkhokwe usiku. Dalaivala wodekha ndi amene amawapatsa mpata woiona ikumwa madzi mwamtendere. Ine ndimaiona imeneyi kukhala ntchito yaikulu, ngakhale palibe amene amaiwerengera pa malipiro ake.

Pali mdani wina wamng'ono amene alendo samuyembekezera: kashembe. Matenda a kaodzera ndi amene anachititsa kuti anthu asamutsidwe m'derali m'zaka za m'ma 1920, nkhalango n'kutsala ya nyama. Ntchentchezi zimakopeka ndi galimoto yoyenda komanso zovala zakuda ndi zabuluu, choncho malo ena mawindo amayenera kutsekedwa ngakhale kukutentha mwezi wa Okutobala. Dalaivala wozolowera amachenjezeratu alendo ake za zovala asananyamuke.

Sagwira yekha ntchitoyi. Pa geti pali kalaliki wolemba nambala ya galimoto ndi chiwerengero cha anthu, n'kudula risiti. Mmalawi amalipira zochepa kuyerekeza ndi mlendo wakunja. Pali agemu, omwe amaperekeza ndi mfuti aliyense wofuna kuyenda pansi, kaya kukwera phiri la Black Rock kapena kukaona ng'anjo zimene makolo ankasungunuliramo chitsulo. Agemu omwewo ali ndi mphamvu zosecha galimoto potuluka. Chiyambire pamene lamulo la nyama zakutchire linakhwimitsidwa mu 2017, wopezeka ndi minyanga akhoza kukakhala kundende mpaka zaka 30, ndipo khoti likhoza kulanda galimoto imene yanyamula katundu woletsedwa. N'chifukwa chake dalaivala wanzeru salola kathumba kosadziwika m'buti, ngakhale mwini wake atalonjeza ya fanta.

Ndalama zake si zodalirika. Mvula ikagwa misewu yambiri ya m'kati imasanduka matope, alendo amachepa, ndipo dalaivala amabwerera ku siteji kukalimbirana okwera. Chilimwe chikafika, hayala ya ku paki imapikisana ndi ya fodya, ndipo mwini galimoto amasankha yolemera m'thumba. Choipa china n'chakuti eni galimoto ena amafuna minibasi ibwereko masana kuti ikagwirenso ulendo wina. Apo ndi pamene pamachokera kuthamanga, ndipo mlandu umagwera dalaivala yekha.

Mayeso a ku Road Traffic amafunsa za zikwangwani ndi mabuleki. Za njovu ya kamwana safunsa. Zimenezo madalaivala amaphunzira kwa anzawo ndi kwa agemu, ena mochita kuopsezedwa kaye. Ndikupempha akuluakulu a paki kuti dalaivala aliyense wonyamula gulu azikhala naye pansi pa geti kwa mphindi zochepa asanamulole kulowa. Inunso aphunzitsi ndi atsogoleri a mipingo amene mukukonza ulendo wa ku Lifupa, lipirani galimoto ya tsiku lonse, musadzaze ana kuposa mipando, nyamukani m'mamawa, ndipo adalaivala akati apa sitisuntha, muziwamvera.