Ukwati wopanda ankhoswe: zimene Romeo ndi Juliet akuuza makolo a ku Phalombe

Ambiri amene analembapo mayeso a MSCE m'boma la Phalombe, kaya ku Migowi, ku Chiringa kapena ku Nkhulambe, amalikumbukira buku la Romeo and Juliet ngati nkhani ya chikondi. Koma Mlomwe wodziwa mwambo akalimva seweroli amayamba wafunsa kuti ankhoswe a ukwati umenewu anali ndani.

Panalibe. William Shakespeare analemba seweroli cha m'ma 1595, ndipo nkhani yake ikuchitikira mumzinda wa Verona ku Italy. Banja la a Montague ndi la a Capulet ali pa udani wakalekale, woti chiyambi chake sichitchulidwa n'komwe. Romeo wa kwa a Montague ndi Juliet wa kwa a Capulet akuonana paphwando usiku, mawa lake wansembe Friar Laurence akuwadalitsa mobisa. Akuluakulu odziwa za ukwatiwu ndi awiri basi, wansembeyo ndi mayi amene analera Juliet. Mtsikanayo n'kuti asanakwanitse zaka 14.

Chinsinsicho ndicho chinabala maliro. Romeo atapha Tybalt, msuweni wa Juliet, anapirikitsidwira ku Mantua. Bambo a Juliet, posadziwa kuti mwana wawo ndi wapabanja kale, anamukakamiza kukwatiwa ndi mwamuna wina dzina lake Paris. Mwanayo anagwada kuwadandaulira, iwo n'kumuopseza kuti amuthamangitsa pakhomo. Mayi ake anamufulatira. Mlezi uja, amene ankamunyamulira mauthenga, anatembenuka n'kumuuza kuti angovomera. Apa m'pamene seweroli limapweteka kwambiri, chifukwa m'nyumba yonse munalibe wamkulu mmodzi womumvera. Juliet anamwa mankhwala ogonetsa ngati wafa, kalata yofotokozera Romeo inatsekeredwa m'njira chifukwa cha mliri, ndipo pomaliza anthu 6 anali atamwalira, sabata isanathe.

Ku Phalombe mwambo unaikiratu njira yopewera zotere. Mnyamata akafunsira mbeta amauza amalume ake, amalumewo n'kukagogoda kwa amalume a mtsikana. Pachinkhoswe akuchimuna amapereka tambala, akuchikazi msoti, mudzi wonse ukuona. Mkamwini amakamanga kwawo kwa mkazi, ndipo banja likagwedezeka ankhoswe amakhala pansi. Mabanja awiri odana sangafike pamenepa asanalankhulane.

Komabe mwambo umenewu umagwira ntchito pokhapokha mwana akamvedwa. Amalume amene alandira kale ndalama ya mwamuna wa geni, kapena makolo amene njala yawapanikiza madzi atakokolola mbewu, monga zinachitikira ndi namondwe Freddy mu 2023, akhoza kuchita zomwezo zimene anachita a Capulet. Mwana woopa kunena kunyumba amauza mnzake wa kusukulu, amabisa foni, mwina mpaka kuthawitsana ndi mnyamata kulowera ku Mozambique kapena kumadooko a nyanja ya Chilwa. Makolo amadzadziwa mimba itaoneka kale.

Tisanamizane, ukwati wa Juliet, kaya ndi Romeo kaya ndi Paris, m'Malawi wa lero ndi mlandu. Lamulo la maukwati la 2015 linaika zaka 18, ndipo mu 2017 aphungu anasintha malamulo aakulu a dziko, kutseka mpata umene unkalola ana kukwatiwa makolo akavomereza. Mwana wa msinkhu wa Juliet malo ake ndi m'kalasi. Koma lamulo sililetsa mtima wa mwana kukonda, ndipo kumukalipira kumangomuphunzitsa kubisa.

Mlembi Stanley Onjezani Kenani analimasulira seweroli m'Chichewa, choncho agogo a ku Mpasa akhoza kulimva popanda womasulira. Magulu a zisudzo a m'sukulu alitengere pabwalo la mfumu, makolo ndi amalume akhale kutsogolo. Ndipo iwe mwana amene ukukakamizidwa banja, usadzisungire wekha. Uza aphunzitsi, amayi a mother group kapena apolisi a Victim Support Unit, apo ayi imba 116, nambala yaulere yothandiza ana.