Superman atabwera ku Kabwazi mwezi wa June, maso ake aja angagwire ntchito?

Amene adagonako ku Kabwazi m'boma la Dedza mwezi wa June kapena July akudziwa. Umadzuka m'mamawa nkhungu itakuta paliponse, munthu ali poteropo nkumangomumva mawu okha. Ndiye kubwere njinga ya kabaza itayatsa nyali: kuwala kwake kumaoneka ngati mtengo woyera wautali umene wamangiriridwa kutsogolo kwa njingayo. Koma usiku wopanda nkhungu kapena fumbi, mtengo uja suoneka. Umangoona nyaliyo ndi pomwe kuwala kwagwera basi.

Kanthu kameneka kakukwanira kugwetsa theka la mafilimu amene timawakonda.

Ambirife tidakulira m'mavidiyo sho, kuonera mafilimu omasuliridwa m'Chichewa, ndipo lero timangotumizirana pafoni. Superman amatulutsa mizere yofiira m'maso nkusungunula chitsulo. Mu Star Wars, imene idayamba kuonetsedwa mu 1977, anthu amamenyana ndi malupanga a kuwala. Okonda One Piece akumudziwa Kizaru. Onsewa mphamvu yawo timaiona ikudutsa m'malere, yowala bwino. Vuto lagona pomwepo.

Kuwala sikuoneka ukakuonera chammbali. Diso limaona kuwala kokhako kumene kwalowa m'disomo. Kuti muone mzere wa kuwala ukudutsa, pamafunika tinthu timene tikukupatutsa kuti kwina kubwere kwa inu: timadontho ta nkhungu, fumbi kapena utsi. Nchifukwa chake m'khitchini yofuka utsi mumaona dzuwa likulowa pakabowo ka denga ngati ndodo. Tanthauzo lake nlakuti mzere ukamaoneka kwambiri, ndiye kuti mphamvu yambiri ikutayikira m'njira.

Tsono tangoganizani Superman watera pamsika wa Kabwazi m'mawa wa nkhungu. Mizere yake ingaoneke mochititsa kaso kuposa mufilimu, anthu nkutulutsa mafoni kujambula. Koma kadontho kalikonse kangabeko pang'ono, kwina kumwazikira kumbali, kwina kuthera kuwiritsa madzi a m'nkhunguyo. Pofika patali, mphamvu yambiri yapita.

Ngakhale kutayera, mpweya sumusiya. Kuwala kwamphamvu kumatenthetsa mpweya umene kukudutsamo, ndipo mpweya wotentha umakhotetsa kuwala mosiyana ndi wozizira. Mzere uja umayamba kufutukuka m'malo molasa pamodzi. Mudaonapo "madzi" onyezimira pa tala wa msewu wa M1 masana a October, amene mukawayandikira amathawa? Si madzi ayi, nkuwala kochokera kumwamba kumene kwakhotetsedwa ndi mpweya wotentha wa pamwamba pa tala. Asilikali a maiko olemera amene akuyesa zida za laser zogwetsera ma drone akulimbana ndi zomwezi: nkhungu, fumbi ndi mpweya wotentha. Laser yoyamba adaiyatsa ndi Theodore Maiman ku America mu 1960, koma mpaka lero palibe wapeza njira yoithawira nyengo.

Bodza limene limandiseketsa kwambiri ine ndi lozinda. Mdani waombera kuwala, ngwazi yaona, yawerama, kuwala kwadutsa pamutu. Aise, zosatheka. Kuwala kumathamanga makilomita pafupifupi 300,000 pa sekondi imodzi, ndipo mpweya umangokuchepetsako ndi makilomita pafupifupi 90 okha. Kuchoka ku Kabwazi kukafika ku Lilongwe sikungatenge ngakhale gawo limodzi mwa magawo 1,000 a sekondi. Kuonjezera apo, ungadziwe bwanji kuti kukubwera? Pomwe wakuona, ndiye kuti kwafika kale.

Liwiro limeneli mukhoza kuliyesa nokha dzinja likubwerali. Kukang'anima, yambani kuwerenga masekondi mpaka mutamva kugunda. Kuwala kumafika nthawi yomweyo, pomwe phokoso limayenda mamita pafupifupi 340 pa sekondi. Masekondi atatu aliwonse ndi kilomita imodzi. Mukawerenga ochepa, lowani m'nyumba, musabisale pansi pa mtengo.

Za malupanga a Star Wars sitingatayepo nthawi. Yatsani matochi awiri, muwapingasitse. Kuwala kumangodutsana, sikugundana, komanso sikuima pa mita imodzi kudikira mwini wake.

Sindikuti tisiye kuonera, ine ndemwe sindingasiye. Koma nkhungu imene ingamufooketse Superman ndi yomweyo imene anyamata a kabaza amakumana nayo akamanyamula anthu ndi matumba a mbatatesi m'bandakucha. Ambiri akaona kuti sakuona bwino amakweza nyali, poganiza kuti kuwala kochuluka kuboola. Chimene chimachitika nchakuti timadontho tija timabwezera kuwalako m'maso mwawo momwe, kutsogolo nkungooneka chikhoma choyera, ndipo woyenda pansi amatulukira ali pafupi kale. Nyali yotsitsa, yoloza pansi, ndiyo imaonetsa msewu, bola liwiro likhale lochepa.

Ndipo tima laser tofiira ndi tobiriwira timene ana amaseweretsa tija, musatiderere poti mzere wake suoneka masana. Diso limasonkhanitsa kuwala konseko pa kadontho kamodzi mkati mwake, ndipo tina tamphamvu timatha kupsereza pamenepo munthu asanaphethire. Mng'ono wanu akamalozetsa anzake kumaso poyerekeza Superman, mulandeni.