Mbalame imayamba kudziwika ndi khutu

Anthu ambiri amene ndimayenda nawo m'nkhalango amaganiza kuti ntchito yanga yoonetsa alendo mbalame imafuna maso akuthwa ndi magalasi odula oonera patali. Zoona zake n'zakuti zambiri mwa mbalame zimene ndimalemba m'kabuku kanga ndimayamba ndazimva ndisanazione, ndipo zina sindiziona n'komwe. M'mitengo yowirira mbalame imabisa thupi, koma mawu singabise.

Tengani nkhalango ya Lilongwe Nature Sanctuary, imene ili pakati pa Old Town ndi City Centre, m'mbali mwa mtsinje wa Lingadzi. Anthu amadutsa pamsewu waukulu wapafupi tsiku ndi tsiku osadziwa kuti kuseri kwa mitengo ija kuli tinjira toyenda wapansi, mbawala, agwape, apusi, ngakhale ng'ona mumtsinjemo. Komweko kulinso Lilongwe Wildlife Centre, kumene amasamalira nyama zovulala ndi zolandidwa kwa ozigulitsa mozemba. Banja litha kupita kumeneko pa minibasi, osafuna galimoto yamphamvu kapena tchuthi cha sabata yathunthu.

Vuto limakhala nthawi. Mabanja ambiri amafika dzuwa lili paliwombo, atanyamula chakudya chamasana, kenako n'kubwerera akunena kuti kulibe mbalame. Mbalame zilipo, koma nthawi imeneyo zimakhala zitausa pamthunzi, zili chete. Zimadya ndi kuimba kwambiri kukangocha mpaka cha m'ma 9 koloko, ndiye zimayambiranso dzuwa likapendeka. Fikani pachipata akangotsegula. Yendani pang'ono, imani, khalani chete mphindi zingapo. Nkhalango imene inatonthola itamva mapazi anu imayambanso kulankhula.

Mukaiona mbalame, musathamangire mtundu wa nthenga zake. Apa ndi pamene oyamba kumene amasokonekera, chifukwa kuwala kumanyenga, ndiponso yaimuna ndi yaikazi nthawi zambiri zimasiyana maonekedwe. Ife timayamba ndi msinkhu: kodi ndi yaing'ono ngati mpheta, ikufanana ndi pumbwa, njiwa, kapena yafika pa khwangwala? Kenako mlomo. Waufupi wonenepa ndi woswera njere. Wautali, woonda, wopindika ndi woyamwira timadzi ta m'maluwa. Wangowe ndi wong'ambira nyama. Chachitatu ndi malo ndi khalidwe: ili pansi ikupalasa masamba, ikukwera thunthu la mtengo ngati gogomole, kapena yaima phee m'madzi osaya? Mukayankha mafunso amenewa, pa mitundu pafupifupi 650 ya mbalame imene inalembedwa m'Malawi muno mumatsala ndi yowerengeka. Nthenga zimangotsimikizira.

Ana ndi amene amagwira msanga zimenezi, makamaka amene anakulira kumudzi ndi legeni m'khosi. Mwana wotere amadziwa kale kunyang'ama, amadziwa mtengo umene nkhwali imagona pafupi nawo, amadziwa kuti pumbwa akachita phokoso pamalo amodzi ndiye kuti waona njoka kapena kadzidzi. Luso limeneli ena amalipeza atayenda m'tchire zaka zambiri. Chimene mwanayo amasowa ndi munthu womuonetsa kuti mbalame yomweyo ikakhala yamoyo ili ndi zambiri zomuphunzitsa. Makolo, musawaletse ana kufunsa. Aletseni kukuwa kokha.

M'mbali mwa mtsinje funafunani chisa cha nantchengwa pamphanda ya mtengo waukulu. Mbalame yofiirira imeneyi imatuta timitengo masauzande ambiri, n'kumanga chisa chofoleredwa pamwamba, chokhala ndi khomo laling'ono lomata ndi matope, cholimba moti chitha kunyamula munthu wamkulu. Ikachisiya, kapena ikalandidwa, nthawi zambiri amalowamo ndi kadzidzi. Ndikudziwa kuti ambiri a ife tinakula tikumuopa kadzidzi, ndipo sindinyoza mantha amene munthu anayamwira. Koma pansi pa mtengo umene amagona mumapezeka timibulu ta ubweya ndi mafupa timene amalavula. Phwanyani kamodzi ndi kamtengo ana akuona. Mupezamo zigaza za makoswe ndi mbewa, zomwe zija zimatha chimanga m'nkhokwe.

Nkhulukulu mudzaimva isanaoneke, ikulira mokhadzula pamwamba pa mitengo. Ikauluka, mapiko ake amaoneka ofiira kwambiri. Kufiira kumeneko kumachokera ku utoto wokhala ndi mkuwa, umene umapezeka m'nthenga za mbalame za banja limeneli zokha.

Nyengo nayo imasintha zimene mungaone. Mvula ikamayandikira, kumabwera anamzeze amene anaswera ku Ulaya ndi ku Asia, ndipo amakhala nafe mpaka cha mu Epulo. Kambalame kosakwana magalamu 25 kamadutsa nyanja ndi zipululu, chaka ndi chaka. Anamzeze ena ndi a kuno konkuno, sapita kutali. Kuwasiyanitsa kumafuna kuyang'anitsitsa pakhosi ndi kumchira, ndipo ndi ntchito yokoma kupatsa mwana wa sitandade 6.

Pali zinthu zimene ndimakana ndikamayenda ndi anthu. Apusi musawapatse chakudya, chifukwa akazolowera amayamba kulanda ndi kuluma, mapeto ake ovutika amakhala iwo omwe. Ana asatsikire m'mphepete mwa madzi. Ndipo musaimbe kulira kwa mbalame pa foni kuti ibwere pafupi. Yaimuna imaganiza kuti mdani walowa m'dera lake, imasiya kudyetsa ana n'kumathera mphamvu pofunafuna mdani amene kulibe.

Tengani kope ndi pensulo. Lembani tsiku, malo, nthawi, mbalame imene mwaona ndi kuchuluka kwake, ngakhale dzina lake mukulidziwa m'Chichewa chokha. Akatswiri amadziwa kuti mbalame inayake ikuchepa poyerekeza zolemba zotere za zaka zosiyanasiyana, ndipo ambiri olemba sakhala asayansi. Bungwe la Wildlife and Environmental Society of Malawi lili ndi makalabu a zachilengedwe m'masukulu ambiri, ndipo mwana wokhala ndi kope lotere angayambire kumeneko. Akadziwa za m'mbali mwa Lingadzi, mupite naye ku Liwonde National Park akamve nkhwazi zikulandizana mawu pamtsinje wa Shire, yaikazi ili yaikulu kuposa yaimuna.