Tisanapereke Nyumba ya Lendi Ngati Chikole

Akhristu ambiri a m'boma la Thyolo tinamanga nyumba za lendi ku Luchenza, ku Bvumbwe ndi pafupi ndi minda ya tiyi monga Satemwa, Conforzi ndi Makandi. Nyumba ikakwera mtengo, timaganiza zoipereka ngati chikole kuti titenge ngongole yatsopano, tibweze yakale, ndipo zotsalazo tilipirire ana sukulu kapena tiyambire bizinesi. Maganizowa si oipa, koma tikalakwitsa posankha wotibwereka, nyumbayo imapita.

Choyamba, tifunse ngati wobwereketsayo ali ndi chiphaso cha Reserve Bank of Malawi. Mabanki, ma SACCO ndi mabungwe obwereketsa ndalama zochepa amayendera malamulo amene Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa m'zaka za 2010 ndi 2011, choncho zikavuta tili ndi kokadandaula. Wakatapila alibe womuyang'anira, ndipo Mpingo umaphunzitsa kuti kudyera osauka masuku pamutu kudzera m'chiwongoladzanja ndi tchimo. Tisamusiyire chikalata cha malo athu.

Chachiwiri, tiwerengere. Ngongole ya K5,000,000 pa chiwongoladzanja cha 30 peresenti imafuna K125,000 pamwezi ya chiwongoladzanja chokha. Tifunsenso ngati chiwongoladzanjacho chimasintha. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, Reserve Bank inakweza chiwongoladzanja chake kufika pa 26 peresenti mu 2024, ndipo ngongole zambiri zinakwera nazo. Palinso ndalama za woyesa mtengo wa nyumba, za loya, za inshuwalansi, ndi chindapusa chimene ena amalipiritsa tikabweza ngongole yakale nthawi isanakwane.

Chachitatu, tikumbukire amene amakhala m'nyumba zathuzo. Ambiri ndi othyola tiyi, amene ntchito imawachulukira nyengo ya mvula. M'chilimwe aganyu amachepetsedwa, lendi imachedwa, koma banki siidikira mvula. Choncho ngongole tiziiyeza ndi lendi ya miyezi yovutayo. Kukweza lendi kuti wantchito wosauka atibwezere ngongole si chilungamo.

Pomaliza, kuno malo ambiri ndi a mbumba, ndipo banki imafuna chikalata chovomerezeka ndi boma. Mwamuna ndi mkazi agwirizane, ndipo eni mbumba adziwe tisanasaine.

Tikupempha makatekisiti kuti nkhaniyi ikambidwe m'miphakati. Tiyerekeze obwereketsa osachepera atatu, ndipo aliyense atilembere papepala ndalama zonse zimene tidzabweze kufikira tsiku lomaliza.